Mkuyu Umene Dahi Anadzala ku Arafa

Kwathu munthu akapita ku Makka, nyumba yake siimudikira chimanjamanja. Akangokwera ndege, abale amatuma mawu kwa Dahi. Dahi amabwera makwerero atamangirira pabulu, zitini za penti zikulira uku ndi uku, ndudu atapanira kukhutu, n'kujambula ulendo wonse pakhoma la kumaso, kuti mwini nyumba akamabwera, khoma likhale loyamba kumulonjera, ndipo aliyense wodutsa adziwe kuti muno mumagona Haji.

Zaka makumi atatu ndi zinayi ali pantchito imeneyi. Makoma oposa mazana awiri, kuyambira kumsika mpaka kumene nyumba zimathera n'kuyamba minda ya nzimbe. Koma mwini wakeyo, kutali kumene anafikako m'moyo wake ndi ku tauni ya Luxor, ndipo kumeneko anapita kukazula dzino.

Musaseke, ntchito ankaidziwa. Kungoti ndege zake zinali ndi makatani, ina mpaka anaimangira khonde. Sitima zake zinkayandama pamwamba pa zenera, nsomba zikumwetulira pansi pake. MaHaji onse ankatuluka ndi nkhope imodzi, ya malemu malume ake a Dahi. Akakhala mzimayi ankangomumeta ndevu. Wina anadandaulapo kuti iye anapita pandege, nanga ngamila ikutani pakhoma pake? Dahi anati ngamilayo ndi basela, ngati sakuifuna aibweze yekha.

Ndiye panali mkuyu. Pakhoma lililonse, kumanja kwa phiri la Arafa, kumene maHaji amaima tsiku lathunthu akupemphera, Dahi ankaimikapo chimkuyu cha nthambi zotambalala, masamba ali biriwiri. Pansi pake anthu ovala zoyera atakhala phee, wina akumwa madzi, wina atatambasula miyendo. Anthu popangana naye ntchito ankanena okha kuti, "Mkuyu uja musaiwale." Ife tonse tinakula tikudziwa kuti ku Arafa kuli mkuyu, monga momwe tinkadziwira kuti mumtsinje wa Nailo muli madzi.

Chaka chimenecho khoma lojambula linali lake lomwe.

Wapaulendo anali mkazi wake, Wahiba. Bambo ake atamwalira anamusiyira kamunda, iye n'kukagulitsa, koma ndalamazo zinangokwanira munthu mmodzi, ndiponso wodzera njira ya kuseri: chiphaso cha mlendo wamba, osati cha Haji. Mkulu wina wa m'tauni, woyenda ndi mafoni atatu, ndi amene ankakonza zimenezi.

"Inu munapitako kale kambirimbiri," Wahiba anamuuza Dahi. "Ulendo uno mundisiyireko ine, inu mutsale muziweta ngamila zanuzo."

Koma kutatsala sabata imodzi, anabwera kuchokera kwa mkulu wa mafoni uja nkhope itagwa. Anapeza Dahi akutsuka maburashi pampopi.

"Bambo a Nagat, munthu uja akuti ife tenti sitikakhala nayo. Mabasi a maHaji sitikakwera. Akuti malo ena tikayenda wapansi."

"Ndiye?"

"Ndiye mawondo angawa? Shugayu? Akuti wofuna kusintha maganizo anene lero. Mwina ndingosiya, Mulungu akadzafuna adzandiitana bwinobwino."

Dahi anaseka mpaka ndudu inagwa kukhutu. Anamugwira pamkono, zala zili penti yekhayekha, n'kumuolotsa msewu kupita pakhoma la a Haji Azab, lomwe linali khoma lake loyamba kujambula.

"Taonani, mayi. Makka ndi apa. Arafa ndi apa. Chikhatho chimodzi ndi theka, mwaona? Mtunda umenewu inu mumauyenda kawiri pa tsiku pokasaka miseche kwa Sekina."

"Musandiseke, ndikunena zoona."

"Nanenso ndikunena zoona. Tenti ndi ya anthu a ku Cairo oopa nyerere. Inu mukangofika, mukalunjike pamkuyu. Mukakhale pamenepo muzikapemphera, kamphepo kakukuombani. A m'matentiwo azikakusirirani."

Wahiba anayang'ana mtengowo nthawi yaitali.

"Ulipodi?"

"Makoma mazana awiri, mayi a Nagat. Alipo Haji ndi mmodzi yemwe amene anabwera n'kunena kuti fufutani?"

Panalibe. Wahiba anapita, pamodzi ndi mnzake wa pamtima Sekina, mayi wamasiye wa kuseri kwa mzikiti. Pokwera minibasi anasuzumira pazenera n'kukuwa, mudzi wonse ukumva, kuti akadzapeza khoma lisanathe adzagona kwa Sekina mpaka lithe.

Foni yake yomaliza inabwera m'mawa wa tsiku la Arafa. Anati kukutentha ngati m'kamwa mwa uvuni, anati nkhunda zizipatsidwa madzi kawiri, anati batire ikutha. Basi. Idi inafika, anthu anapha nkhosa, Dahi anaimba foni ka makumi awiri, womuyankha n'kukhala mayi wa m'foni uja yekhayekha, wakuti nambalayi siikupezeka. Tsiku lachiwiri wailesi yakanema inayamba kunena za kutentha, za anthu akugwa m'misewu, makamaka opanda mapepala a Haji. Dahi anazimitsa. Anati atolankhani amenewa, mvula ya madontho atatu amati dziko lamira.

Anakwera makwerero. Anapaka laimu khoma lonse mpaka linkathobwa m'maso. Anajambula ndege yaikulu kuposa zonse zimene anajambulapo, anajambula Kaaba, nyumba yopatulika ya ku Makka, analemba dzina la mkazi wake pamwamba pa chitseko ndi zilembo zotalika ngati mkono. Ankaimba mluzu mokweza kwambiri, kuposa mmene nyimboyo inkafunira.

Mwana wawo mmodzi yekhayo, Nagat, anachoka kwa mwamuna wake n'kubwera kudzakhala pakhomo, foni m'manja, chala chikungokwera ndi kutsika. Anthu a m'midzi yonse anali akuponya pa intaneti zithunzi za amayi awo ndi abambo awo: wamuona ndani uyu, anasowa tsiku la Arafa, ali ndi shuga, khutu limodzi samva.

"Ababa, ndiponye chithunzi cha amayi?"

"Kuti atiseke? Amayi ako foni amaiwala m'thumba la ufa ali konkuno, ndiye kumeneko? Ali phee akumwa tiyi ndi Sekina, akujeda dziko lonse. Tandipatsira chobiriwiracho."

Nagat anaponyabe, osawauza.

Tsidya la msewu, a Haji Azab ankakhala pakhonde kuyambira m'mawa, ndodo pakati pa miyendo. Anali ndi zaka makumi asanu ndi atatu ndi mano anayi, ndipo ntchito imene inawatsalira padziko inali yonyoza Dahi. Masiku awiri oyambawo anaigwira mokhulupirika.

"Iwe Dahi! Ndege yakoyo ili ndi pakati?"

"Yadya nyama ya Idi, akulu. Inu ndi mano anuwo mwangomwa msuzi, ndiye nsanje."

"Nanga mkazi wako bwanji wamupatsa nkhope ya malume ako? Akabwera akuswa ndi makwererowo."

"Akabwera mudzaone ngati sadzalira ndi chimwemwe."

"Kulira kokha adzalira."

Koma tsiku lachitatu, Dahi atayamba thunthu la mkuyu, tsidya lija kunali zii. Anajambula nthambi yoyamba, zii. Yachiwiri anaipinda dala ngati mwendo wa galu kuti mkuluyo alankhule. Zii. Atacheuka anapeza a Azab akumuyang'ana, kenako n'kugwetsa maso pansi ngati munthu wogwidwa dzanja lili m'mbale ya eni.

Dahi anatsika, burashi ili m'manja, n'kuoloka msewu.

"Akulu, lero mwadwala?"

"Ndili bwino."

"Nanga bwanji simukutukwana?"

"Khala pansi, Dahi."

Sanakhale. "Inu munapitako. Tandiuzani, kuchoka pamene magalimoto amatsitsa anthu kukafika pamkuyu, ndi mtunda wotani? Munthu wa mawondo ovuta angatenge nthawi yaitali bwanji?"

A Azab anatafuna chinthu chomwe munalibe m'kamwa.

"Timitengo tilipo tina," anatero. "Ndamva kuti masiku ano anadzala tambiri, uko kuli matenti. Koma chimkuyu chakochi ine sindinachione."

"Munali mbali ina."

"Ndinazungulira phiri lonse, mwana iwe. Nthawi imeneyo ndinali ndi miyendo."

"Bodza. Munatsika galimoto pomwepa, ine ndili apo, mudzi wonse ukuona. Munayang'ana khomali n'kunena kuti, ndi momwemu ndendende."

"Ndiye ndikanati chiyani? Ng'oma zikulira, akazi akululutira, amayi ako ataima apo akunjenjemera kuti mwana wawo wajambula khoma loyamba. Munthu wochokera ku nyumba ya Mulungu mawu ake oyamba akhale akuti khomali ndi labodza? Ndinati ndi momwemu. Wachiwiri atabwera anaona kuti Azab anavomera, nayenso anavomera. Ena mwina mpaka lero amaganiza kuti iwo ndi amene anauphonya."

"Ndiye ine ndinautenga kuti? Alipo anandiuza. Sindingangodzuka n'ku..."

A Azab analoza ndi ndodo kumbuyo kwawo. "Kagwire thunthulo."

Dahi anapita. Mkuyu wa pakhoma limenelo anaupakanso kanayi pa zaka zonsezi, koma anali asanauyendetsepo chala. Anayendetsa. Pansi pa penti panali mzere wotupa, wokhotakhota, kuchokera pansi kukwera mpaka pamene nthambi zimagawikana.

Mng'alu.

Zinabwera zonse nthawi imodzi. Iye ali ndi zaka makumi awiri, khoma litang'aluka pakati, dothi lomatira likukana kugwira, a Azab akufika mawa lake. Anayesa kubisa ndi ngamila, mng'alu unali wautali. Anayesa munthu woimirira, anaoneka ngati wathyoka msana. Ndiye anakweza maso n'kuona mkuyu wa m'mbali mwa ngalande, umene anadzaudula pomanga msewu, n'kunena mumtima kuti, tabwera kuno iwe. Anaseka yekha tsiku limenelo. Ankadziwa. Koma chinthu ukachijambula kambirimbiri, anthu ochokera komweko n'kumangogwedeza mutu, tsiku lina umadzuka utaiwala kuti unayambitsa ndiwe.

"Ndinakuonani tsiku lija mukuyeza ndi chikhatho," a Azab anatero kumbuyo kwake. "Ndinati mukungoseweretsana. Ndinati Dahi akudziwa, si ndi iye anaujambula?"

Nthawi yomweyo Nagat anayamba kukuwa tsidya la kwawo, foni ataikweza m'mwamba.

"Ababa! Ndi a Gaber! Apeza azakhali a Sekina!"

Gaber anali mwana wa m'mudzi mwathu amene anapita kukayendetsa malole ku Makka zaka khumi ndi zisanu zapitazo. Masiku atatu amenewo sanagwire ntchito, ankangozungulira m'zipatala ndi maina a anthu akwathu papepala. Nagat anakweza mawu a foni kuti onse amve. Akazi awiri atatu oyandikana nawo anali atatuluka kale, ufa uli m'manja.

Mawu a Sekina pafonipo anali ngati a munthu amene wameza mchenga.

"Achimwene a Dahi, ndinu? Wahiba waimba?"

"Sanaimbe. Munasiyana pati?"

"Galimoto inatitsitsa kutali, achimwene. Akuti kutsogolo kuli apolisi, opanda mapepala mudziyendere. Tinayenda. Dzuwa la kwathu timalinamizira, lenileni lili kuno. Madzi anatha. Tinafika pena pali mlatho, pansi pake anthu atathithikana pamthunzi. Ine ndinati, Wahiba, tikhale apa mpaka dzuwa lipendeke. Iye akuti iii, apa n'pothina, tifa ndi thukuta la eni, tiyeni pamkuyu, bambo a Nagat anati suli patali. Ndinati ine mwendo wakana. Akuti ndiye khalani, ine ndikagwire malo, ndikubwera kudzakutengani." Anakhosomola nthawi yaitali. "Ndinadzidzimuka ndili kuchipatala kuno, singano ili pamkono. Sanabwere, achimwene. Kapena anabwera koma sanandipeze?"

Nagat anakokera foni kukamwa kwake. "A Gaber, ndiye mwakayang'anako pamkuyupo? Mwina akadali pomwepo akudikira azakhali. Kwerani galimoto mupite, chonde."

"Mkuyu uti, mlongo?"

"Wa ku Arafa! Kumanja kwa phiri!"

Kenako Gaber anati, "Aaa. Wa pakhoma uja?"

Nagat anatembenuka pang'onopang'ono. Anayang'ana bambo ake, n'kuyang'ana khoma, thunthu lisanaume, nthambi ziwiri, imodzi yopindika. Akazi aja nawonso anayang'ana. Mmodzi wa iwo anapitako ku Makka zaka zisanu zapitazo, ndipo pakhoma pake panali mkuyu wokongola kuposa yonse. Ameneyo anakokera mpango kumaso n'kubwerera m'nyumba mwake.

"Ababa," Nagat anatero, "kulibe?"

"Kulibe."

"Munkadziwa?"

Funso limeneli Dahi analitembenuza uku ndi uku, osapeza poligwira. Akati eya, ndiye kuti mkazi wake anamutumiza dala kumoto. Akati ayi, nanga anajambula ndani?

Gaber analankhulanso pafoni. "Amalume, pali china. Omwalira amene anawatola m'misewu opanda mapepala anawasunga malo amodzi. Ndinalowako dzulo. Ndinajambula azimayi a msinkhu wa azakhali a Wahiba. Ine kwathu ndinachoka kalekale, komanso nkhopezo dzuwa lazisintha. Ndikutumizireni muone nokha. Wosadziwika samusunga nthawi yaitali."

Zithunzi zinalowa zisanu ndi zinayi, foni ikulira motsatizana ngati ikubweretsa nkhani ya ukwati. Nagat anatsegula choyamba, n'kukankhira foniyo pachifuwa cha bambo ake.

"Onani inu. Si ndinu a maso?"

Dahi analowa m'nyumba chifukwa panja kuwala kunkabisa zithunzi. Nkhope zotupa, zakuda, milomo yong'ambika. Choyamba: Wahiba! Atayang'anitsitsa, si iye. Chachiwiri si iye, koma chipumicho... Apa m'pamene anazindikira kuti mutu wake unali pantchito yake ya masiku onse. Akafuna, unkachotsa kutupa, n'kuwongola mphuno, n'kutsegula maso, Wahiba n'kutulukira. Akapanda kufuna, unkamufufuta n'kuikapo mlendo. Zithunzi zonsezo akanatha kuzisandutsa mkazi wake, ndipo zonsezo akanatha kuzikana, n'kulumbira pamaso pa Mulungu mtima uli m'malo.

Pa chachisanu ndi chiwiri anakhalitsa.

"Si amenewa," anatero mokweza. "Amayi ako mphuno yawo ndi..."

Ndi yotani? Zaka makumi atatu akudyera mbale imodzi. Anatseka maso kuti aione, ndipo imene inabwera ndi ya pakhoma, ya malume.

Nagat anali ataima pachitseko. Analanda foni, osayang'ana nkhopeyo, n'kuimba.

"A Gaber, chithunzi cha nambala seveni. Mubwerereko mukajambule phazi lamanzere. Amayi kachala kakang'ono kalibe chikhadabo, njati yathu yoweta inawaponda ndili mwana."

Dahi anayang'ana mwana wake. Za njatiyo ankakumbukira. Nkhani yake anaseketsa nayo anthu zaka zambiri, njati ikukula chaka ndi chaka mpaka inafika msinkhu wa njovu. Koma akanamufunsa kuti phazi liti, akanalota.

Gaber anapempha ola limodzi. Anatenga awiri. Bambo ndi mwana anakhala m'chipinda chimodzi, wina uko wina uko. A Azab anaoloka msewu ndi ndodo yawo n'kukhala pakhomo, osalowa, osabwerera.

"Ndili sitandade folo," Nagat anatero akuyang'ana pansi, "aphunzitsi anati tijambule Arafa. Tonse m'kalasi tinajambula mkuyu. Wanga ndi umene anaupachika pabolodi. Anati uyu ndiye mwana wa mwini wake."

Kumzikiti anaitana swala ya masana, Dahi sanadzuke. Mutu wake unkangomubweretsera zinthu: Wahiba ali pabedi m'chipatala china, waiwala dzina lake, namwino akumumwetsa msuzi. Wahiba watoledwa ndi banja lachifundo la dziko lakutali, akuwadzudzula kuti mphodza saphika choncho. Zinkabwera ndi mitundu yake, zomalizidwa bwinobwino, ndipo chilichonse iye ankachipirikitsa ngati galu wolowa m'khitchini.

Foni inalira kamodzi.

Nagat anatsegula, n'kutulutsa mawu amene Dahi anali asanawamvepo kwa munthu. Foni inagwa, Dahi anaitola. Kachala kanali komweko, kopanda chikhadabo. Koma iye maso ake anapita kunsi kwa phazilo. Khungu linali litasupuka lonse, kuyambira kuchidendene mpaka kuzala, timiyala takuda titamatirira panyama.

Gaber anaimba. "Amalume, akufuna mawu a mwamuna wake. Ndinene kuti chiyani?"

"Ndi iyeyo. Wahiba, mwana wa Abdel-Radi."

"Mulungu awachitire chifundo. Adzawaika m'manda konkuno, amalume, mukudziwa."

Nyumba inadzaza msangamsanga. Akazi analowa ndi maliro, koma ena ali pakhomo pomwe anayamba nthungululu, chifukwa kwathu wofera ku Haji sitimulira ngati wofera pabedi. Amuna anamukumbatira Dahi mmodzimmodzi. Mwayi wake, ankatero. Wapita machimo onse atatsukidwa, ife tidzafera pano ndi ntchentche. Wina anati otere amafa akumwetulira. Wina anati samva n'kupweteka komwe, amangoona ngati tulo tawagwira. Onse ankalankhula ngati analipo.

Dahi anazemba n'kupita kuseri, kukhola, n'kuimbiranso Gaber.

"Gaber, anamutola pati?"

"Pamsewu, amalume."

"Pali chiyani pamenepo?"

"Msewu basi. Phula."

"M'mbali mwake?"

"Waya. Mabotolo opanda madzi. Nsapato za anthu, zambirimbiri."

"Kuchoka pamlatho paja ndi mtunda wotani?"

"Mlatho wake sindikuudziwa, amalume. Milatho ndi yambiri."

"Anagwa nthawi yanji? Anali yekha? Ananena chilichonse?"

"Ine kunalibe."

"Amene anamutolayo mungamupeze? Ndikufuna ndimufunse ndekha. Asandikometsere, angondiuza mmene zinalili."

Gaber anapumira m'foni. "Amalume, anthu amenewo anatola ambiri tsiku limenelo. Ine ndili ndi mabanja ena atatu akudikira foni yanga. Pepani."

Inaduka.

Dahi anatulukira khomo la kuseri, n'kutsata kanjira ka pakati pa nyumba mpaka kumsewu waukulu wa m'mbali mwa ngalande. Inali cha m'ma thu koloko, nthawi imene ngakhale agalu a kwathu saoloka msewu. Phula linkanyezimira ngati lanyowa. Kunalibe galimoto, kunalibe munthu.

Anavula nsapato n'kuziika bwinobwino pamthunzi wa sitolo yotseka. Anaponda phazi lamanzere, kenako lamanja, n'kuyenda mpaka pakati pa msewu. Anaima n'kuyamba kuwerenga mokweza ngati mwana wa sukulu.

Pa faifi anali akuluma mlomo. Pa eyiti misozi inatuluka yokha, osati ya maliro, ya moto. Anafika pa leveni. Kenako mapazi ake, osamufunsa, anathamanga naye kubwerera pamthunzi, masitepe anayi okha kuchoka pamene anaima.